Prince sanapenge, pepala lija ndimalidziwa

Achimwene, amene akukuuzani kuti Prince, woimba wa ku America, anapenga pamene anataya dzina lake ndi kudzilemba patsaya liwu lotanthauza kapolo, sanasainepo pepala la mwini situdiyo. Ine ndinasaina, ndipo funso lanuli, lakuti kodi anapengadi, landiutsira mkwiyo umene ndinkayesa kuti unatha kalekale.

Mnyamata uja wa ku Minneapolis analowa m'manja mwa kampani ya zimbale ya Warner Bros. mu 1977, asanakwanitse zaka 20, ndipo pa chimbale chake choyamba, For You, chimene chinatuluka mu 1978, anapeka nyimbo, anaimba zida, anajambulanso yekha. Pofika 1985, filimu yake ya Purple Rain ndi nyimbo zake zinali zitamupatsa mphoto ya Oscar ndi dzina padziko lonse. Koma matepi oyambirira a nyimbo zonsezo, amene amatsindikirapo zimbale zina zonse, anali katundu wa kampani, ndipo kampaniyo ndi imene inkanena kuti chimbale chituluke liti, pamene iye ankajambula mofulumira kuposa mmene iwo ankafunira kugulitsira. Mu 1993, atakwanitsa zaka 35, analengeza kuti dzina lake tsopano ndi chizindikiro chimene palibe angachitchule pakamwa, moti kampaniyo inachita kutumiza madisiki kwa atolankhani kuti azitha kuchisindikiza m'nyuzipepala. Anthu anaseka, monga mmene ena akusekera muno. Komatu iye ankadandaula kuti dzina limene anam'patsa makolo ake linali litasanduka chizindikiro cha malonda a anthu ena.

Ine zanga zinachitika m'nthawi ya makaseti. Ndinajambula nyimbo khumi ku situdiyo ina ya ku Blantyre, ndipo tsiku lomaliza mwini wake anandiitanira mu ofesi, nandigulira fanta ndi sikono, nanditambasulira mapepala atatu a Chingerezi, chala chake chili kale pamzere wosainapo. Anati ndi mwambo chabe, kuti kaseti ipite kumsika. Ndinasaina osawerenga, chifukwa mayi anga anali m'chipatala ndipo envulopu ya ndalama inali pathebulo pomwepo. Patapita miyezi ingapo ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo dalaivala anaika kaseti yanga. Mayi wina amene anakhala pambali panga, atanyamula dengu la tomato pamiyendo, ankaimba nawo mawu onse osaphonya, pamene ine ndinali kuwerenga makobili m'thumba kuopa kuti kondakitala andichititsa manyazi. Nditabwerera ku situdiyo kukafunsa gawo langa, anandisiya pabenchi ya pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako mlembi anatuluka ndi fotokope ya tsamba lachitatu atalemba mzere wofiira pansi pa chiganizo chimodzi, chonena kuti ndinagulitsa nyimbozo kotheratu. Bamboyo anatulukira khomo lakuseri. Chimene chimandiwawa kufikira lero si ndalama ayi, koma kuti munthu amene ankanditchula mwana wake, amene anabwera ngakhale pa maliro a mayi anga n'kupereka chipepeso pamaso pa anthu, ankadziwa bwino lomwe zimene zinali patsamba lija pamene ankanditsegulira fanta. Munthu wotero ndi mbala, ngakhale atavala taye.

Tsono ndikaona chithunzi cha Prince ali ndi zolemba patsaya, sindiona munthu wodzionetsera. Anachoka ku Warner mu 1996, anabwerera ku dzina lake mu 2000, ndipo matepi aja anawalandira mu 2014, patatha zaka zoposa 20 chiyambire mkangano. Anali atataya zambiri, chifukwa mawailesi ndi ogula ambiri anatopa naye m'zaka zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chimandikwiyitsa pa iye. Munthu amene anamenyera umwini wa nyimbo zake moyo wake wonse anapezeka atafa mu lifiti ya kunyumba kwake ku Paisley Park pa 21 April 2016, ali ndi zaka 57, atamwa mapiritsi achinyengo okhala ndi fentanyl, mankhwala amphamvu kwambiri oletsa ululu, ndipo sanasiye wilo. Analibe mkazi panthawiyo, mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira ali wakhanda mu 1996, choncho chuma chinagwera abale ake asanu ndi mmodzi, ndipo mlandu unakhala kukhoti mpaka 2022, pamene chumacho anachiwerengera pa madola pafupifupi 156 miliyoni. Ena mwa abalewo anagulitsa magawo awo ku kampani ya Primary Wave. Nyimbo zimene anazitsekera m'chipinda chake chosungiramo matepi zinayamba kutuluka, monga chimbale cha Welcome 2 America mu 2021, popanda womufunsa ngati ankafuna kuti tizimve. Mwina mapepala anali atamuopsa kwambiri moti sanafunenso kuona loya, ndipo zimenezo ndikuzimvetsa, pakuti inenso ndinakhala zaka zambiri ndikuthawa fomu iliyonse, ngakhale ya kubanki.

Kwa achinyamata amene muli muno ndipo mukujambula, musasaine chilichonse tsiku limene mwachilandira. Tengani pepalalo mukagone nalo, mupeze wodziwa malamulo akuwerengereni, ndipo nyimbo zanu mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, zisanafike pa wailesi. Komabe musachite kukana mpaka mwayi kukudutsani, chifukwa kunena zoona, pakanapanda bambo uja sindikanalowa mu situdiyo n'komwe, ndipo Prince amene, atatha kuwatchula eni akapolo, anabwerera kukagwirizana ndi a Warner omwewo mu 2014 n'kutulutsa nawo zimbale ziwiri. Ngati envulopu ili pathebulo ndipo kunyumba kuli matenda, itengeni, sindingakuweruzeni, koma tsamba lachitatulo muliwerenge kaye.