Za mpweya zija, asuweni

Eee, asuweni, ndaliona funso lanu. Mwati ndi homuweki ya mwana, chifukwa chiyani kumwezi kulibe mpweya. Koma ine ndimakudziwani inu, chiyambire kadamsana uja. Mukuopa kuti wathuwu utithawa tili mtulo.

Dikirani kaye. Mukukumbukira amalume a ku Ndirande pa ukwati wa achemwali? Anakakamira kuti mabaluni akhale oyandama, opopa pakamwa ayi. Anakabwereka silinda ya hiliyamu, mpweya wopepuka woyandamitsa mabaluni, ku Limbe, kuikweza minibasi, kondakitala n'kuilipiritsa mpando wakewake. Ndiye anapopa Lachisanu madzulo, ati m'mawa asavutike. Azakhali kuwaletsa, iwo osamva. Kutacha, mabaluni onse ali pansi, ofota. Amalume n'kumakalipira ana... ayi, anayamba ndi makoswe, ana anabwera pambuyo. Chonsecho palibe anabowola. Tinthu ta hiliyamu n'tating'ono kwambiri, timadutsa m'rabala momwemo. Ndipo hiliyamu akakwera kufika kumwamba kwenikweni, dziko limalephera kumugwira.

Chinthu kuti chichoke padziko pano osabwereranso chimafuna liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi. Ku Mars ndi 5, kumwezi 2.4 basi. Tsono tinthu ta mpweya sitikhala phee. Okosijeni ndi naitrojeni, amene tikupumawa, amathamanga pafupifupi theka la kilomita pa sekondi, haidrojeni pafupifupi 2. Akatswiri amawerengera chonchi: liwiro lothawiralo likaposa la mpweya kasanu... aaa, kasanu n'kamodzi, ka 6, mpweyawo umakhala zaka mabiliyoni. Theka kuchulukitsa ka 6 ndi 3. Kwathu kuno 3 ali kutali ndi 11.2. Kumwezi 3 waposa kale 2.4, komanso masana kumatentha kupitirira madigiri 100, tinthu timathamanga kwambiri.

Musaiwale kutenthako. Titan, mwezi wa Saturn, liwiro lake lothawira ndi 2.6 chabe, koma kumazizira mpaka madigiri 179 pansi pa ziro, ndiye naitrojeni alipo wothithikana kuposa wathu.

Nkhani yake ndi imeneyi: dziko lolemera, losatentha mopitirira, limasunga mpweya wolemera. Lathuli limataya haidrojeni pafupifupi makilogalamu 3 pa sekondi, koma okosijeni walemera, mphamvu yokoka ya dziko yamugwira. Mwamva, asuweni? Akuchoka makamaka ndi opepuka, haidrojeni ndi hiliyamu. Umene mukupumawo liwiro lothawira ulibe.