Mdzukulu wanga akungoti "wasap dok" kwa aliyense, ndi kutukwana?

FUNSO: Akonzi, ndine gogo wa ku Chitakale kuno ku Mulanje. Mdzukulu wanga wa Sitandade 4 chiyambireni kuwonera makatuni pa foni ya amalume ake wasintha, aliyense akumamulonjera kuti "wasap dok" kwinaku akutafuna karoti, tsiku lina mpaka anawanena choncho adokotala kuchipatala ine manyazi kundigwira. Poyamba ndimayesa akunena za WhatsApp. Mawuwa anachokera kuti, nanga sikutukwana kumeneku? Komanso akukakamira kuti akalulu athu awiri tiziwagulira karoti, zoona zimenezi?

YANKHO: Agogo, mtima m'malo, mwanayo sakutukwana ayi. Mawuwo amalembedwa kuti "What's up, Doc?" ndipo mwini wake ndi kalulu wa m'makatuni a kampani ya Warner Bros ya ku America, dzina lake Bugs Bunny. Tanthauzo lake ndi lomwe lija achinyamata athu amati "zikuyenda bwanji aise" kapena "boo boo". Za WhatsApp zija simunaphonye kwambiri, dzina limenelo analipeka posewera ndi moni yemweyu wa "what's up", kungoti WhatsApp yabwera dzulodzuloli mu 2009 pamene kaluluyu anayamba kale kale.

Anawanena koyamba mu 1940 mu katuni yotchedwa A Wild Hare. Amene anaitsogolera anali Tex Avery, ndipo iye mwini anafotokoza kuti kwawo ku Texas anyamata pasukulu ankangoitanana kuti "doc", sikuti akunena dokotala wa jakisoni ayi, zili ngati mmene kondakitala wa minibasi ya ku Limbuli amakuitanirani kuti bwana kapena abigi chonsecho simunamulembe ntchito. Ndiye adokotala anu aja mwina anaseka chamumtima poti kwa iwo dzinalo linagwera pake penipeni.

Koma chinatchukitsa mawuwa si mawuwo paokha, ndi pomwe amanenedwa. Taganizani, mlenje Elmer Fudd wabwera ndi mfuti kudzasaka kalulu, aliyense akuyembekeza kuti kanyamako kaliyatsa liwiro, koma iko phee, kakutafuna karoti mosatekeseka nkumufunsa mlenjeyo kuti zikuyenda bwanji. Anthu m'nyumba zowonetsera mafilimu anafa nazo kuseka, ndiye opanga makatuniwo anangoti basi izi tizibwereza. Woyankhula mawu a kaluluyu anali Mel Blanc, amene pojambula ankaluma karoti weniweni kuti phokoso limveke bwino kenako nkulavula kuti apitirize kuyankhula. Bamboyu anamwalira mu 1989 koma kalulu wake akadali moyo, mu 1996 anasewera basketball ndi Michael Jordan mu filimu ya Space Jam, mu 1997 anamuika pa sitampa ya positi ku America, ndipo kumbuyoko mu 1972 kunatuluka filimu ya anthu enieni yomwe mutu wake unali mawu omwewa.

Ine chimene chimandiseketsa nchakuti kalulu ameneyu si mlendo kwa inu agogo, mukumudziwa kuposa mdzukuluyo. Si yemwe uja anakana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala koma nkumabwera usiku kudzatunga madzi atapusitsa alonda ndi uchi, mpaka Fulu anamugwira ndi phula pamsana? Kamunthu kochepa mphamvu kogonjetsa akuluakulu ndi nzeru basi. Nthano za kalulu wochenjera zinawoloka nyanja ndi anthu a mu Africa amene anatengedwa ukapolo, ku America nkusanduka kalulu wa m'nthano zakumeneko wotchedwa Br'er Rabbit. Sindikunena kuti Avery anamva nthano ya ku Phalombe, koma ukamuwona Bugs akumuzunguza mutu mlenje uja umachita kuwona kuti awa ndi apachibale ndithu. Ambirife tinakula opanda kanema, TVM inayamba mu 1999, ndiye kalulu wathu tinkamumvera pamoto madzulo tikuvomera kuti tili tonse. Tamuyesani mwanayo ndi ya chitsime ija tsiku lomwe magetsi azima foni yathera moto, muwona.

Za ulemu zokhazo ndili mbali yanu. Ngakhale ku America komweko moni ameneyu ndi wachipongwe pang'ono, kalulu amamunena dala pofuna kumuchepetsa mlenje. Ndiye mumuuze kuti kwa anzake kubwalo la mpira palibe vuto, koma kwa amfumu, aphunzitsi ndi adokotala ndi "mwaswera bwanji" manja ali pamodzi.

Tsopano za karoti, apa mdzukulu wanamizidwa ndi katuni. Kutafuna kuja anthu ambiri amati anatengera katswiri wa mafilimu Clark Gable, yemwe mu filimu ina ya mu 1934 ankayankhula karoti ali mkamwa, nzosachokera kwa akalulu enieni. Kalulu wa kutchire sakumba pansi kufuna karoti, amadya udzu ndi masamba, ndipo karoti ali ndi shuga wambiri moti akachuluka amamuwononga m'mimba. Kachidutswa mwa apo ndi apo si vuto, koma akalulu anuwo apatseni udzu, chisoso ndi kholowa ngati kale, karoti wa pamsika wa Chitakale muthire mu ndiwo mwanayo adye yekha.