Magazi anatayikira kuti poti bala panalibe?

FUNSO: Anamwino, mchimwene wanga wa zaka 27 anagundidwa ndi kombi ali pa njinga kuno ku Mabvuku. Anadzuka yekha n'kumalankhula bwinobwino, atangosupuka chigongono. Patapita kanthawi anayamba thukuta lozizira, milomo mbuu, akulirira madzi. Mayi ena anatiletsa kumupatsa, ndipo ndinawakwiyira. Kuchipatala anati ali mu "shock", wataya magazi ambiri, mpaka anamuchotsa kapamba. Magaziwo anapita kuti? Nanga shock si mantha?
Mlongo wake, Mabvuku

YANKHO: Achemwali, mayi aja mukawapeze muwathokoze. Munthu amene angafunike opaleshoni sitimupatsa chakumwa, chifukwa pomugoneka tulo akhoza kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Ludzu lija sikuti linali la madzi wamba, linali thupi kulira magazi.

Liwu loti shock limatisokoneza ambiri. Ife kuchipatala tikamalitchula sititanthauza kudzidzimuka ayi. Timatanthauza kuti magazi oyenda m'thupi achepa moti ubongo, impso ndi mtima sizikulandira mpweya wokwanira. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Kapamba ali kumanzere, kunsi kwa nthiti, ndipo ndi wodzaza magazi. Akang'ambika, magazi amathira m'mimba mwakachetechete, malaya osadetsedwa n'komwe. Fupa la ntchafu likathyoka limatha kubisa lita imodzi kapena kuposa mkati mwa mnofu, la m'chiuno kuposanso apo.

Chimene chimatipusitsa ndi ichi. Thupi la mnyamata limadziwa kubisa. Magazi akayamba kuchepa, mitsempha ya pakhungu ndi m'manja imafinyika kuti otsalawo apite ku ubongo ndi mtima, n'chifukwa chake anazizira ndi kutuwa. Mtima umathamanga kupitirira ka 100 pa mphindi, kupuma kumafulumira, koma BP imaoneka yabwinobwino kufikira atataya pafupifupi lita ndi theka. Akafika malita 2, botolo lathunthu la Mazoe, moyo uli pachiswe. Pa zaka zanga za ntchito, wovulala amene akukuwa sandiopsa kwenikweni. Amandiopsa ndi uja wangoti zii, kapena wayamba kubwebweta ndi kuvula bulangete. Anthu amati waledzera, pomwe ubongo ukusowa mpweya.

Zikadzachitikanso, Mulungu aletse, mugonekeni pansi, mumufunditse ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa magazi a munthu wozizidwa sagwirana msanga. Ngati pali bala lotuluka magazi, pindani chitenje, kanikizani mwamphamvu ndipo musamasuzumire. Chikanyowa, ikani china pamwamba. Dothi, fodya kapena mafuta a mabuleki pabala, chonde ayi, ndaziwonapo zonsezi. Kwa magazi a m'mimba palibe chimene mungachite pamsewu kupatula kuthamangira ku chipatala chachikulu chokhala ndi fiyeta (chipinda cha opaleshoni) ndi magazi, monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, chimene ambiri timangoti ku Gomo. Pali mankhwala otchedwa tranexamic acid othandiza magazi kugwirana, koma amafunika kuperekedwa maola 3 asanathe kuchokera pamene munthu wavulala.

Poti achimwene anu alibenso kapamba, thupi lawo silingalimbane ndi matenda ena monga kale. Afunse za katemera woyenera, ndipo thupi likatentha asadikire kuti kuche. Akamapita kumudzi ku Malawi pa Khirisimasi, malungo asawatenge mopepuka: neti ndi mankhwala oteteza zikhale m'chikwama asanakwere basi ku Mbare.