Yankho kwa amalume pa za chitsulo chagalasi

Eya amalume, ndamva funso lanu, loti chitsulo chagalasi chomwe ndimachitchulachi n'chiyani, nanga chimativutiranji pa makina a 3D. Pepani kaphokosoka, ndili pamsewu.

Si galasi la pawindo ayi. Ndi chitsulo ndithu, kungoti chinazizira mwachangu kwambiri moti maatomu ake sanapeze mpata wofola m'mizere ngati m'chitsulo wamba. Anangoumira pomwe anali, balalabalala. Woyamba kuchipanga anali Pol Duwez ndi anzake ku Caltech, yunivesite ya ku America, mu 1960, anasakaniza golide ndi silicon n'kuziziritsa pa liwiro la madigiri pafupifupi 1 miliyoni pa sekondi.

Ndiye makina athuwa amayala ufa wachitsulo, kopyapyala kuposa tsitsi, laser n'kudutsa kusungunula, kenako amayalanso wina pamwamba. Kadontho kosungunukako kamazizira msanga, apo palibe mlandu. Vuto lili kunsi ndi m'mphepete mwake. Inu mumawotcherera zitsulo, mukukadziwa kamzere kaja kamasintha mtundu pambali pa chowotchereracho, sikanasungunuke koma kamva moto. Ndi pamenepotu. Chomwe chinauma kale chimatenthedwanso, maatomu amapeza mpata wosuntha, basi ayamba kufola, timagulu ta maatomu ofola m'mizere, tomwe timati ma crystal, tabadwa. Ndipo laser sidutsa kamodzi. Ulendo uliwonse timbewu timeneti timakulako pang'ono, kuwonjezera pa mmene tinasiyira. Chinandidabwitsa ine n'chakuti chitsulochi chimagwira ma crystal msanga pochitenthetsa kusiyana ndi pochiziziritsa, chifukwa potenthetsapo timbewuto timakhala tilimo kale.

Kulinso oxygen. Ufa wambiri umene timagwiritsa ntchito ndi wa chitsulo chotchedwa zirconium, ndipo zirconium ndi oxygen salekana. Timadzaza mpweya wa argon m'makinamo kuti uchotse oxygen, komabe ufawo umabwera ndi oxygen kale, ndipo ma crystal amakonda kuyambira pomwepo.

Ukati uchepetse mphamvu ya laser, ufa susungunuka bwino, m'kati mumatsala timabowo. Ukawonjezera, ma crystal, ndiye chinthu chija m'malo molimba chimangothetheka ngati mbale yadothi. Mwezi watha ndinawonjezera pang'ono chabe, dala, pothawa timabowo. Kunja kowala bwinobwino. Titachiika pa X-ray, pa chithunzi cha zotsatira pomwe timayembekezera kaphiri kosalala, chizindikiro cha chitsulo chagalasi, panatuluka minga yokhayokha, chizindikiro cha ma crystal. Ntchito ya masiku atatu imeneyo, amalume.

Basi yanga yafika. Mupereke moni kwa azakhali, ndiimba madzulo.