Chimene ophunzira amayang'ana mwa mphunzitsi wa mbiri, filosofi kapena zolembalemba

Mwafunsa kuti n'chiyani chimachititsa ophunzira a ku yunivesite kunena kuti mphunzitsi wa maphunziro amenewa ndi wodziwa ntchito yake. Nzeru za m'mabuku pazokha sizikwanira.

Chachikulu ndi kachongedwe ka nkhani zimene ophunzira amalemba. Kungopereka malikisi n'kulemba kuti "onjezerani mfundo" n'kumusiya wophunzira mumdima. Mphunzitsi wabwino amaloza ndime yeniyeni: apa mwanena kuti nkhondoyi idabuka chifukwa cha misonkho, nanga umboni wake uli pati? Amasankha zolakwa zazikulu ziwiri kapena zitatu, osati kufiiritsa pepala lonse ndi inki, ndipo amabweza ntchitoyo pasanathe milungu iwiri. Akachedwa, ndemangazo zimafika nkhani yachiwiri italembedwa kale ndi zolakwa zomwezo, ndipo zimenezi zimawawa.

M'kalasi, akafunsa funso amadikira masekondi 5 mpaka 10. Aphunzitsi ambiri amaopa bata, amadziyankha okha, mapeto ake kalasi yonse imasanduka ya anthu atatu omwewo olankhula mofulumira. Masamba 20 owerengedwa limodzi mofatsa, chiganizo ndi chiganizo, amaposa masamba 100 amene palibe wawatsegula.

Chilungamo nacho ophunzira amachiwona msanga. Njira yoperekera malikisi aifotokoze sabata yoyamba, ndipo wophunzira wotsutsa maganizo a mphunzitsiyo ndi umboni wolimba alandire malikisi apamwamba. Akangozindikira kuti kukhoza n'kubwereza mawu a mphunzitsi, amasiya kuganiza n'kuyamba kuloweza.