Mwana apuma bwanji pomwe akumuchita opaleshoni ya laser pakholingo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, konkuno ku Zomba. Mwana wawo wa zaka 4 wakhala wosasa mawu kwa nthawi yaitali, usiku akamapuma pakhosi pamalira, ndipo mankhwala a mphumu sanathandize. Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi apeza tinjerewere pakholingo, ati afunika opaleshoni, mwina ya laser, komwe ndi kuwala kwamphamvu kootcha tinjerewereto. Mayiwa akufunsa: "Ngati agwira ntchito momwe mumadutsa mpweya, mwana wanga ali mtulo, apuma bwanji? Ndawerenganso pa intaneti kuti laser imayatsa moto kukhosi. Kodi n'zoona?"

Mayi, tinjerewere timeneti achipatala amatitcha papilloma. Timayamba ndi kachilombo ka HPV, makamaka mtundu 6 ndi 11, ndipo timakonda kumera pa timinofu tiwiri totulutsa mawu. Si khansa, koma tikakula timatseka njira ya mpweya.

Funso lanu loyamba ndi lomwenso limawazunguza mutu ogwira ntchito kufiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Pa opaleshoni ya pamimba, wogonetsa, yemwe amapereka mankhwala ogonetsa wodwala, amalowetsa chubu pakhosi, makina n'kumapumira mwana, dokotala ali kwakekwake. Pano onse awiri akulimbirana malo amodzi, osakwana sentimita m'lifupi mwake, odzazanso kale ndi njerewere. Komanso mwana amatha okosijeni msanga kuposa wamkulu, mapapo ake sasunga wambiri, ndiye akangosiya kupuma pang'ono nambala za pa kamakina koyeza okosijeni kopanidwa kuchala zimayamba kutsika.

Njira imene ogonetsa ambiri amakonda ndi yomusiya mwana azipuma yekha ali mtulo tofa nato. Amamugoneka ndi mpweya wa sevoflurane pa masiki, kumuika diripi, kenako tuloto amatipitiriza ndi propofol wodzera mumtsempha. Pakholingo amapoperapo lidocaine kuti pachite dzanzi. Chubu palibe, dokotala akuona chilichonse. Luso lonse lagona pa muyeso. Mankhwala akachepa, mwana atsokomola kapena kholingo lidzitsekera lokha. Akachuluka, kupuma kuima. N'chifukwa chake wogonetsa sachoka pamutu pa mwana, maso ali pachifuwa, khutu lili ku kulira kwa makina.

Ena amachita mosinthana: alowetsa chubu, adzaza mapapo ndi okosijeni, achotsa chubu, dokotala agwira ntchito kanthawi, nambala zikayamba kutsika aimitsa n'kubwezeranso chubu. Palinso chubu chapadera chosapsa ndi laser, chomwe kabaluni kake amakadzaza madzi m'malo mwa mpweya, ndi njira ina yowombera mpweya mwamphamvu kudzera m'kapaipi kakang'ono, imene imafuna zipangizo zakezake.

Za moto, n'zoona koma sizichitikachitika, ndipo njira zopewera n'zodziwika. Moto ufuna zitatu: choyatsa, choyaka ndi okosijeni. Choyatsa ndi laser, choyaka ndi chubu chapulasitiki kapena thonje louma. Okosijeni wochuluka amachita zomwe mumachita inu popemerera makala pambaula. Mpweya womwe tikupumawu uli ndi okosijeni 21 pa 100 alionse, ndiye laser isanayatsidwe wogonetsa amatsitsa wa mwanayo kuti asapitirire 30, ndipo mpweya wogonetsa wa nitrous oxide samupereka chifukwa nayenso amakoleza moto. M'maso ndi kumaso amaphimba ndi nsalu zonyowa, madzi ali pafupi. Mwana akafuna okosijeni wambiri, wogonetsa amati "imani", laser n'kuzimitsidwa kaye. Dziwaninso kuti laser si chida chokhacho. Madokotala ambiri amachotsa njerewerezi ndi kamakina kometa kotchedwa microdebrider kapena ndi tizipaniro, ndipo apo nkhani ya laser kuyatsa moto palibe.

Kunena mosabisa, ine moto sundidetsa nkhawa kwambiri. Zondiopsa ndi zimene zimachitika pawodi m'mawa wa opaleshoni. Mwana alira njala, agogo amva chisoni, amubisira kapu ya phala, kenako kwa namwino n'kuyankha kuti sanadye kanthu. Phalalo likabwerera ali mtulo limalowa m'mapapo. Kawirikawiri lamulo ndi ili: chakudya ndi mkaka wa ng'ombe alekeze maola 6 opaleshoni isanayambe, bere maola 4, madzi oyera maola 2. Thobwa si madzi, ndi chakudya. Ngati wadya, nenani. Ngati ali ndi chimfine, chifuwa kapena watentha thupi, nenaninso, ngakhale mukuopa kubwezedwa ndalama ya minibasi itapita kale, chifukwa kholingo la mwana wachimfine silichedwa kudzitsekera. Ngakhale dzino logwedera muwauze. Pemphani kuonana ndi wogonetsa, amene kuno kwathu nthawi zambiri amakhala clinical officer wophunzira ntchito imeneyi, mumufunse njira yomwe asankhe.

Akatuluka kufiyeta, pakhosi pamatha kutupa. Pochepetsa kutupako amamupatsa mankhwala a dexamethasone, nthawi zina adrenaline wopumira pa masiki, ndipo samwa kanthu mpaka dzanzi la pakhosi litatha kuopa kutsamwa. Mukabwerera kunyumba, mukaona kulira kwa pakhosi kukukula, pakati pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, kapena milomo yasintha mtundu, thamangirani ku Zomba Central Hospital usiku womwewo ndi kabuku kake kakuchipatala.

Konzekeraninso kuti njerewerezi zimabwerera. Opaleshoni imatsegula njira koma sichotsa kachilombo, ndipo dokotala wabwino amalolera kusiyako pang'ono kusiyana n'kusiya zipsera zowononga mawu. Ana ambiri amapitako kangapo, mwa ena zimazilala akamakula. Ngati pakhomo pali mwana wamkazi, musaphonye katemera wa HPV. Zomba ndi Rumphi ndi maboma amene adayamba kumuyesera mu 2013, asanafike dziko lonse mu 2019, ndipo mtundu wa katemerayu wotchedwa Gardasil umateteza ku mitundu 16 ndi 18 yoyambitsa khansa ya khomo la chiberekero pamodzi ndi 6 ndi 11 yomwe ikuvutitsa mwana wanuyi.