Funsani Alangizi: Dorper ndi nkhosa zalokolo, tisakanize kapena ayi?

FUNSO: Alangizi, ine ndimakhala ku Epworth koma ndili ndi kapuloti chaku Goromonzi komwe ndikuweta nkhosa 18, zalokolo zija za mchira wamafuta. Zimaswa bwinobwino koma ana ake amachedwa kukula, pofika nthawi ya Eid anthu amangoziyang'ana nkupita kukagula kwa anzanga a ma Dorper. Ndiye ndikuganiza zogulitsa zonse ndiyambe ma Dorper okhaokha, kapena ndingogula yamphongo imodzi? Ndithandizeni. Wowerenga wa ku Epworth

YANKHO: Achimwene, chonde musagulitse zazikazizo. Nkhosa muli nazozo kuno ku Zimbabwe amati Sabi, ndipo ndi chuma chomwe anthu ambiri amachizindikira chitapita kale. Zinazolowera tchire lakuno, zimapirira chilimwe msipu ukauma mu Seputembala ndi Okutobala, mafuta a kumchira aja ndi nkhokwe yake, komanso nkhupakupa ndi njoka zam'mimba sizizigwetsa msanga. Kumalo a kafukufuku wa ziweto ku Matopos kufupi ndi Bulawayo akhala akuzisunga ndi kuzifufuza kwa zaka zambiri, si zachabechabe ayi.

Gulani yamphongo ya Dorper imodzi basi, ikwanira zonse 18 popanda vuto. Dorper yomweyo ndi yosakaniza kale, anaipanga ku South Africa cha m'ma 1930 pokweranitsa mitundu iwiri ya nkhosa, Dorset Horn ndi Blackhead Persian, cholinga chinali kupeza nkhosa ya nyama yoti izikula msanga kumalo ouma. Ikamadya bwino mwana wake amatha kufika makilo 36 ali ndi miyezi inayi. Tsono mukaikweretsa pa Sabi ana oyambawo amatenga kukula ndi minofu kwa bambo, kupirira kwa mayi, ndipo pamakhalanso kamphamvu kena kapadera kamene kamabwera magazi awiri otalikirana akakumana, ana amabadwa anyonga, amaimirira nkuyamwa msanga, ochepa ndi amene amafa asanaleke kuyamwa. Apa ndi pamene pali ndalama, chifukwa kutchire phindu timawerengera ana amene afika pogulitsidwa, osati amene abadwa.

Koma nali vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri m'mapuloti ozungulira Harare. Munthu waona ana oyamba akongola, mitu yakuda matupi oyera, ndiye akusunga ana aakazi nkuwakweretsanso Dorper, adzukulu nawonso Dorper, pakutha zaka zingapo magazi a Sabi atha ndipo kamphamvu kaja kamachepa m'badwo uliwonse. Khola ladzaza nkhosa zofuna chakudya chambiri ndi mankhwala pafupipafupi pamene msipu ndi womwe uja. Dzinja likafika mvula ili pakati, njoka zoyamwa magazi zimachuluka, mumangoona nkhosa yatsalira m'mbuyo, pansi pa chibwano patupa ngati muli madzi, mukatsegula chikope mkati mwayera mbee m'malo mofiira. Zimandiwawa kwambiri chifukwa nthawi zambiri ndi ndalama zomwe munthu anasonkha movutikira.

Ndiye chitani chonchi. Zazikazi zina, tinene 6 zomwe zimalera bwino, muzizikweretsa yamphongo ya Sabi kuti mtundu usathe, muzipezamo misoti yolowa m'malo mwa zokalamba. Zotsalazo Dorper. Ana aamuna osakaniza gulitsani onse, aakazi abwino mukhoza kusungako poti amakhala ndi mkaka wambiri, koma asakweredwe ndi bambo wawo, sinthanani yamphongo ndi mnzanu wakutali ndithu. Misoti yaing'ono musathamangire kuipatsa Dorper, mwana amakula m'mimba ndipo imavutika pobereka.

Bere la nkhosa ndi miyezi isanu, ndiye werengerani kuti ana azibadwa msipu ulipo. Eid imasuntha chaka ndi chaka, imabwerera m'mbuyo ndi masiku ngati 11, musaiwale zimenezo popanga pulani. Sungani masangwi a mtedza, mapesi ndi madeya, milungu 6 yomaliza ya bere mayi azidya mokwanira. Katemera wa pulpy kidney, matenda opha ana a nkhosa mwadzidzidzi, musadumphe, matendawa amakonda ana onenepa omwewo amene mukuwadalira.

FUNSO: Ndinagula yamphongo pamsewu, wogulitsa anati ndi Dorper yeniyeni poti mutu ndi wakuda. Ana ake sakusiyana ndi akale. Andipusitsa? Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, mutu wakuda si umboni, Blackhead Persian nayonso ili ndi mutu wakuda, ngakhale zosakaniza zambiri zimatuluka choncho. Dorper yabwino imakhala yaitali thupi, msana wotambalala, ntchafu zodzaza, ilibe mchira wamafuta. Musanaitaye onani kaye ngati ana akukhuta komanso ngati munawamwetsa mankhwala a njoka. Ulendo wina mukagule pakhola pa woweta, akuonetseni mayi ndi bambo ake, ndipo mutengane ndi alangizi a ziweto a kudera lanu.